Chitsulo Chopanda Mabowo

Ntchito yanga pa doko la Jebel Ali ku Dubai inali yolemba manambala a magalimoto akale otsika m'sitima zochokera ku Japan, amene ankadikira sitima zina zopita ku Africa. Ku yunivesite ndinaphunzira za makina, koma pabwalo lija ankangofuna maso anga ndi cholembera. Magalimotowo anali ndi chiwongolero kumanja, monga kwathu, motero sankayenda m'misewu ya Dubai. Ankangoima m'mizere padzuwa, mchenga ukuunjikana pamagalasi.

Achimwene anga ali ndi galaja ku Ndirande. Kwa zaka zingapo anakhala akupanga galimoto yawoyawo, kapikapu konyamula matimati ndi kabichi. Chasisi anawotcherera okha, bodi anapinda okha, injini anaichotsa m'galimoto ina yogundidwa. Alimi ankabwera kudzakaona, kukagogoda, kukayamikira, kenako n'kukagula yochokera kunja. Tsiku lina, ndikudikira basi ya kampani yobwerera ku Discovery Gardens, kumene ndinkakhala, anandiimbira foni.

"Iwe wamasukulu, tandiuza zoona. Ndipitirize kapena nditseke galaja? Alamu ako akuti ndapenga."

"Achimwene, mundipatse sabata imodzi."

"Sabata? Yankholo ukaliitanitsa ku Japan?"

Yankho la m'kalasi ndinali nalo kale. Fakitale imadinda zitseko zambirimbiri pa nthawi imene achimwene amapanga chimodzi. Magalasi, mawaya ndi matayala a kapikapu kawo nawonso ndi ochokera kunja. Ndiponso iwo sankapikisana ndi galimoto yatsopano, koma ndi yakale, imene mwini wake woyamba anaitaya idakali yolimba. Chimene chinkandizunguza mutu chinali china: zimatheka bwanji kuti galimoto yowoloka nyanja kawiri, yopangidwira misewu yosalala, ipambane yopangidwa ndi munthu wodziwa bampu iliyonse ya kumene ikupitako?

Kumapeto kwa bwalo kunali shedi imene ndinali ndisanalowemo. Ndinali nditaona kuti magalimoto amalowamo ali ofupika n'kutuluka atatalikako. Pa nthawi yopuma ndinapitako. Mkulu wa amisiri, bambo wa ku Pakistan amene onse ankamutcha ustad, kutanthauza mphunzitsi, anandionetsa ntchito yawo mokondwa. Ankachotsa masipuling'i n'kuikamo olimba, kukweza paipi ya utsi, ndi kumangirira chitsulo chachikulu pansi pa injini kuti miyala isaiboole.

Ndinamufunsa kuti muyeso wake anautenga kuti.

"Africa, habibi, bwanawe. Msewu woipa. Khalas, basi," anatero, akutambasula manja.

Muyeso unali umodzi, kaya galimoto ikupita ku Mombasa kaya ku Beira. Ndinapempha kuti ndilowe kunsi kwa imodzi. Ntchitoyo inali yaudongo, kuwotcherera kwake kosalala kuposa kwa achimwene. Koma chitsulocho chinali chopindidwa m'mbali ngati thireyi, ndipo chinalibe bowo ngakhale limodzi. Kwa iwo mdani ndi mchenga ndi miyala. Munthu amene wagwira ntchito zaka zambiri m'dziko limene mvula imagwa masiku owerengeka sangaganize za matope a Januwale m'misewu ya ku Dedza, amene amalowa pachitsulo chotere, kukhazikika, kuuma ngati njerwa, injini n'kumatentha, dzimbiri likudya mwakachetechete. Ndinakumbukira ndili mwana, achimwene akuboola zitsulo zoterezi ndi dirilo, akung'ung'udza za anthu osadziwika amene anazimangirira. Anthuwo tsopano ndinali nditawapeza, ndipo anali atandipatsa tiyi.

Ndinajambula zithunzi n'kutumiza, kenako ndinaimba.

"Achimwene, pa galimoto yathunthu a ku Japan simungawapambane. Zimenezo ndazionetsetsa. Koma kunsi kwa galimoto amakupangirani anthu amene sanaonepo msewu wathu."

Ndinkangomva wina akumenya chitsulo chapatali.

"Ndiye ukuti ine ndikhale wosoka zigamba pa malaya a eni?"

Sindinawatsutse, chifukwa ndi zimene ndinkanenadi, ndipo ndinadziwa kuti zawapweteka. Anadula foni. Patapita masiku awiri anaimbanso, osapereka ndi moni womwe.

"Chithunzi chachitatu chija. Anthuwa mvula sanaionepo?"

"Amaiona pa foni."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandiuza kuti pali mlimi wina wa ku Ntcheu amene akufuna pikapu, ndipo ndionetsetse kuti isalowe m'shedi muja. Ibwere yofupika momwemo, zotsalazo akachita okha.

Pikapuyo ndinailemba ndekha pa tsiku lokwera sitima. Ustad anadabwa kuiona ikudutsa shedi yake, ndipo nditamufotokozera za matope anandipempha kuti achimwene atumize chithunzi cha mabowo awo. Achimwene anakana. Galaja sanatseke, ndipo kapikapu kawo kaja sanakagulitse, sanakaphwasulenso. Ndi kamene amakwera pokatenga zitsulo ku Limbe.