Waya wa Sitovu ya Mwana Wawo

Aneba athu, amagetsi opuma pantchito, chilichonse amayamba achikhudza ndi kuseri kwa dzanja, ngakhale ketulo yozizira. Masiku ano manja awo amanjenjemera, koma safuna kumva zimenezo.

Mwana wawo atagula sitovu, mkamwini anafuna kungoilumikiza pa soketi ya filiji.

“Mukufuna kundiwotchera mwana?” anatero akuluwo. “Sitovu imafuna waya wakewake, wonenepa, wochokera kubokosi la magetsi.”

Anathimitsa magetsi, nakoka wayayo mpaka kukhitchini. Pomangirira, sikuludiraiva inakana kukhazikika m'manja mwawo. Kenako anaipereka kwa mkamwiniyo.

“Mangani inu, ine ndiziyang'ana. Limbitsani! Kodi simunadye?”

Sitovu inayaka bwinobwino. M'mawa mwake anazungulira makomo onse, akuuza aliyense kuti mkamwini wawo ali ndi manja a mmisiri.