Vayisi ya m'munda wa chinangwa

Titabwerera kwathu ku Majaua kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndinayamba kulima pomwe panali munda wathu wa chinangwa. Khasu linagunda chitsulo, ndipo mkazi wanga anandikoka mkono.

"Bambo, siyani. Mwina ndi bomba lokwirira."

Tinaitana alamu anga, amene anakhalapo asilikali, ndipo anafukula pang'onopang'ono ndi mpeni. Inali vayisi, chitsulo chopanira zinthu pozikonza, koma yachilendo: inkazungulira patsinde pake, ndipo kumbuyo inali ndi posulira. Inali yokulungidwa m'thumba lopaka girisi.

Ndinainyika m'parafini, n'kupala dzimbiri ndi mchenga mpaka chogwirira chinayamba kutembenuka. Ndinaimangirira pachitsa n'kuyamba kukonzerapo njinga za anthu.

Mkazi wanga mtima sunakhale m'malo. "Chinthu chokulungidwa chonchi sichinatayidwe ayi. Mwini wake anachibisa, ndipo adzabwera."

Tsiku lina bambo wina wachikulire wosadziwika anaima ndi njinga yabwinobwino. Anazungulitsa vayisiyo ngati woizolowera, n'kufunsa ngati mundawo unali wathu kuyambira kale. Ndinati inde. Anachoka osatsanzika. Kuyambira pamenepo ndinkaimasula vayisiyo pachitsa paja ndikaweruka, n'kuilowetsa m'nyumba.