Dzino Lomwe Linkadikira Febby

Amene anakwerapo basi ya pakati pa Lusaka ndi Chipata ayenera kuti anawaonapo amai Keziah Daka, ngakhale dzina sankalidziwa. Ndi aja ankathamangira basi ikangoima pa Nyimba, beseni la nthochi lili pamutu, chibwano chitamangidwa ndi duku. Anzawo a pa siteshoni ankawaseka kuti anthu onse duku amavala kumutu, koma lawo linatsetserekera kukamwa. Iwo ankaseka nawo ndi mbali imodzi ya pakamwa, poti mbali inayo inali ndi mwini wake.

Mwini wakeyo linali dzino la m'mwamba, lakumapeto kwenikweni kumanzere. Keziah anabadwira ku Luembe, kumene anakula akumva kuti dzino la m'mwamba lili ndi mtsempha wopita ku diso, ndipo ukalizula, disolo limazima. Azakhali awo anazulitsa dzino lotero, patapita zaka n'kuchita khungu, ndipo mudzi wonse unati mwaonatu. Zoti azakhaliwo ankadwala shuga palibe ankazitchula. Amuna awo atamwalira, Keziah anasamukira ku Nyimba ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Febby, ndipo mantha ajanso anasamuka nawo.

Dzinolo linabooka Febby ali ku pulayimale. Keziah ankalilera dzinolo ngati mwana wovuta. Mchere analipatsa, fodya wopera analipatsa, mpaka mafuta a mabuleki omwe makanika wina wachifundo chopusa anawathirira m'kabotolo. Likagona, nawonso ankagona. Likadzuka, ankathamangirabe basi misozi ikutsika, chifukwa nthochi zakupsa sizidziwa kuti mwini wake akudwala.

Febby anali ndi mutu wa sukulu. Tsiku lina, ataona amake akubuula, ananena kuti akadzakula adzakhala dokotala wa mano. Ana amanena zambiri, koma mawu awa Keziah anawagwira ndi manja awiri. Kuyambira pamenepo, wowauza za chipatala ankamuyankha chimodzimodzi.

"Ili dzino ni la Febby. Kulibe wina azalowa mukamwa mwanga. Mwana wanga sangazime diso la amake."

Chokwiyitsa n'chakuti anthu ankaombera m'manja. Ankati taonani mayi wokhulupirira mwana wake, mpaka ena kumawatchula ku msonkhano wa amayi kutchalitchi. Chipatala chinali pafupi, mtunda woyenda pansi, koma panalibe mmodzi wowagwira dzanja n'kuwakokera kumeneko.

Zotsatira za Giredi 12 zitatuluka, Febby anali atakhoza moti aphunzitsi ake a sayansi, a Edmond Sakala, anabwera okha pa siteshoni kudzafotokoza. Sukulu za mano zomuyenera zinali ziwiri. Ya ku Lusaka inali ya zaka zitatu, ndipo omaliza kumeneko amazula ndi kumata mano m'zipatala za m'maboma. Ya ku Ndola inali yunivesite, zaka zake pafupifupi kuwirikiza, koma wotulukako amatchedwa dokotala. Malume ake a Febby a ku Petauke, omwe analonjeza kumuphunzitsa, anati asankhe imodzi basi, ndipo afulumire chifukwa nthawi yofunsira malo inkatha mwezi womwewo.

Madzulo ake, akusenda chinangwa pakhonde, Febby anayang'ana tsaya la amake. Linali litatupa kuposa masiku onse.

"Amai, nizalemba ya ku Lusaka. Ni pafupi, na zaka ni zing'ono."

"Iwe, nakulela na nthochi kuti ukankhale hafu dokota? Lemba Ndola."

"Manje dzino?"

"Lalindila zaka zonse izi. Lizalindila futi."

Febby anaika mpeni pansi. Iye Ndola ankaifuna, ndipo amake ankadziwa. Koma ankadziwanso, kuchokera m'mabuku omwewo amene anakhoza, zomwe mafinya amachita akasowa potulukira.

"Chabwino, nizalemba Ndola. Koma mailo kukacha tiyende kuchipatala alizule. Mukakana, sinilemba kulikonse."

Keziah anaganiza kuti ndi zoopseza za mwana, zitha zokha. Anaiwala kuti makani mwanayo anayamwira kwa iwo. M'mawa uliwonse Febby ankafunsa kuti lero tipita? Amake ankafunsa kuti lero ulemba? Kenaka wina ankanyamula beseni, wina tsache. A Sakala anabweranso kudzakumbutsa za nthawi, n'kubwerera akupukusa mutu.

Kutupa kuja sikunadikire kuti awiriwa agwirizane. Kunatsika pa tsaya kupita pansi pa chibwano, kenaka m'khosi. Kamwa linakana kutseguka, moti phala ankachita kuyamwa ndi kapaipi ka zakumwa. Komabe Keziah ankapita ku siteshoni, thupi likutentha, mpaka tsiku lomwe anagwa pafupi ndi tayala la basi, nthochi n'kumwazikira m'matope. Amayi anzawo aja, omwe ankaombera m'manja, ndi amene anawanyamula. Ku chipatala cha pa Nyimba anangowaona n'kuwatumiza ku Petauke ndi ambulansi, Febby atawagwira mutu njira yonse.

Ku Petauke anawagoneka ndi mankhwala, n'kung'amba pakhosi kuti mafinya atuluke, n'kuzula dzino lija. Analizula ndi mtsikana wina dzina lake Rachael, womaliza sukulu ya ku Lusaka ija. Ntchito yozulayo sinatenge ngakhale nthawi yomwe basi imaima pa Nyimba.

Keziah atatsitsimuka anafufuza ndi lilime n'kupeza mpata. Mantha anawagwira. Pang'onopang'ono anakweza dzanja, natseka diso lakumanja, kuti ayese lakumanzere. Anaona windo. Anaona botolo la madzi a m'mitsempha likulendewera. Anaona Febby, maso ofiira, atavala chitenje cha amake. Anakhala choncho nthawi yaitali, dzanja lili pa diso, ndipo misozi inayamba kutuluka m'diso lotsegulalo.

"Liona, Febby," ananong'ona movutikira. "Liona bwino chabe."

Sanalankhulenso zambiri pambuyo pake. Madokotala anauza Febby kuti matenda anali atalowa kale m'magazi, ndipo mankhwala ankathamangitsa chinthu chomwe chinanyamuka kalekale. Keziah anamwalira sabata yomweyo, maso onse awiri akuona.

Maliro anakaika ku Luembe, mvula ikugwa, msewu utaterera. Pamene Febby ankabwerera ku Nyimba, sukulu zonse ziwiri zinali zitatseka kulandira ofunsira malo. Malume ake anati chaka cha mawa. Chaka cha mawacho chimanga chawo chinapsa ndi dzuwa, ndipo nkhani ya sukulu anasiya kuitchula.

Masiku ano pamalo a amai Daka pamaima Febby, ndi beseni lomwe lija. Amagulitsa bwino, koma anzake amati ndi waukali, chifukwa akaona munthu pawindo la basi wagwira tsaya amaiwala malonda n'kuyamba kumukalipira kuti atsike apite kuchipatala lero lomwe. Ena amaseka, ena amatseka windo. Makondakitala omudziwa amamufunsabe mwanthabwala kuti adokota, tikusungileni mpando wa Lusaka? Febby amangokweza beseni pawindo, basi n'kunyamuka.