Sitima Yanga ndi Mafuta a Mawese

Ku Karonga kulibe njanji, koma ine ndinali ndi sitima. Ndinkagwira umesenjala pa ofesi ya zaulimi ku Lupembe m'zaka za m'ma 1970, ndipo sitimayo anandibweretsera ndi mlamu wanga, amene ankawoloka mtsinje wa Songwe mozemba kukagula sopo ku Tanzania. Inali yachitsulo, yokwana m'manja, ya kiyi wopotokola pambali, ndi kanjanji kake kolumikiza mozungulira. Anati ndi ya mwana wanga. Mwanayo anali asanamere ndi dzino lomwe, choncho bambo wake ndinkamuyendetsera Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi.

Pansi pa sitimayo panali zilembo za Chitchaina. Nthawi imeneyo Matchaina ankamanga njanji ku Tanzania, ndipo kwathu kuno mayiko awiriwo sankatchulidwa mokweza. Anthu ankatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepo, ena osabweranso. Ndinkatseka chitseko ndi mawindo ndisanapotokole kiyi.

Koma sitimayo inayamba kulira. Magiya ake ankakukuta, kwerere kwerere, mpaka phokoso kutuluka panja. Mkazi wanga, mwana wa ku Mwenilondo, anabwera kuchokera kumjigo tsiku lina nkhope ili gwa.

"Bambo a mwana, azimayi akuti m'nyumba muno muli makina. Akufunsa kuti mumasindikiza chiyani mutatseka mawindo masana."

Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma chilichonse cholembedwa ndinkawerenga, ngakhale pepala lokulungira usipa. Mu ofesi munali buku lothothoka la mathirakitala, ndipo ndinatolamo nzeru yoti giya likamalira ndiye kuti lauma. Ndinadziona ngati injiniya. Mafuta oyenera anali a makina osokera, koma munthu wopanda makina akapempha mafutawo kwa telala, mawa lake mudzi wonse ukhala utamva. Ndinalowa kukhitchini n'kutenga mawese, mafuta ofiira a kanjedza amene mkazi wanga ankaphikira. Ndinathira ndi nthenga ya nkhuku, dzino ndi dzino, kenako ndinawonjezera kuti magiyawo asadandaule.

Lamlungu limenelo inayenda mwakachetechete, ine n'kumadziyamikira. Patapita masabata, mawese aja anagwirana ndi fumbi, anatsikira pansi n'kuuma ngati phula lakuda. Nyerere zinapezapo mudzi. Phokoso linabwerera loposa kale.

"Odi kuno!"

Anali a tcheyamani a chipani a dera lathu, ndi anyamata awiri kumbuyo kwawo. Dzuwa linali paliwombo, sitima ili pakati pa ulendo. Ndinawatsegulira chitseko.

"Mwatandala uli, a mesenjala? Tamva kuti muli ndi fakitale."

"Ayi bwana, ndi kachidole ka mwana."

"Mwana uti? Uyu ali kumsanayu? Wayamba msanga ntchito."

Anyamata aja anaseka, ine ndinasekanso. A tcheyamani anagwada, anaitola, n'kuitembenuza chagada. Mkazi wanga anatuluka panja osatsanzika. Ine ndinkangoona chala chawo chachikulu chikuyenda pomwe panali zilembo paja, zimene tsopano zinali zitakwiririka ndi phula. Chinakanda phula lija pang'ono, nyerere inawakwera, anasasa dzanja.

"Uve wake! Mwaitenga kuti?"

"Anandisiyira mzungu wa zaulimi amene anachoka uja."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati katunduyo akamuunika kaye, ndipo anyamata anapasula njanji n'kunyamula.

Sabata imeneyo chakudya sichinkatsika. Galimoto ikamveka pamsewu ndinkaimirira. Ndinkadziwa kuti kansalu konyowetsa ndi parafini kakanatha kuulula zonse, ndipo akanandifunsa bwino ndikanatchula mlamu wanga, chifukwa ine si munthu wolimba.

Lamlungu lotsatira, tikudutsa kuseri kwa nyumba ya a tcheyamani, ndinamva kwerere kwerere, ndi mawu a munthu wamkulu akuti "pii, pii!" Mkazi wanga anandifinya mkono kuti ndisatembenuke.

Lolemba anandiimitsa pamsewu ndili pa njinga ya ofesi.

"A mesenjala, katundu uja tikumuunikabe. Koma akusokosa. Ndimati ndimutsuke ndi parafini."

Ndinatsika pa njingayo. "Chonde bwana, musayerekeze. Parafini amadya chitsulo chimenecho. Mungothira mawese basi, ambiri ndithu, makamaka pansi pake."

"Mwawerenga zimenezo?"

"M'buku la mathirakitala, bwana."

Anagwedeza mutu mokhutira, poti ankadziwa kuti ndine wowerenga. Kuyambira pamenepo, mkazi wanga akagula mawese ankapungulira ena m'kabotolo, ine n'kukapereka ndekha ndi manja awiri. Ndinachita zimenezo mpaka tsiku limene anandisamutsira ku boma lina, ndipo ngakhale m'lole ya katundu ndinkachewukabe kumbuyo.