Tsiku limene anandiitanira teyala pa Chinakanaka

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha foni ya malume. Ndinkawakonzera potchajira pamsika wa Chinakanaka, a Fenando akuonerera. Iwo anali ndi kashopu kokonza makompyuta pomwepo. Anangoti, "Manja uli nawo iwe. Ubwere Lolemba."

Kupatula kumasula makina ndi sikuludiraiva ndi kuchotsa fumbi pa fani, anandipatsa ntchito ina imene ndinkaiona ngati chilango. Panali gulu la pafoni la anthu a makompyuta m'boma lathu, okonza, aphunzitsi ndi a mashopu osindikiza. Mwezi ukayamba aliyense ankayesa makina ake mofanana. Ankawerenga masekondi kuyambira podina batani mpaka kompyuta itayaka, n'kukopera fayilo imodzimodzi kuchokera pa fulashi, kenako n'kutsegula kapulogalamu koyesa liwiro. Manambalawo ankawatumiza pamodzi ndi mtundu wa kompyuta ndi sisitimu yake, pulogalamu yaikulu ija yoyendetsa zonse. Ine ndinkawalowetsa mu tebulo la pakompyuta, kuti tiziona ngati sisitimu yatsopano ikuthamangitsa makina kapena ikuwalemetsa. Koma kunena zoona ndinkangokopera ngati mwana wa sitandade wani, osawerenga n'komwe.

Tsiku lina a Likaka, mkulu wa onyamula katundu wa alendo kuphiri ku Likhubula, anabweretsa laputopu yoti tisinthe kiyibodi. A Fenando anali kumaliro. Ndinasintha bwinobwino, ndiye chifukwa cha changu chopusa ndinaikamonso sisitimu yatsopano, ati bwana akandiyamikire.

Patatha masiku atatu, msika uli pakati, a Likaka anatulukira ndi anzawo awiri. Moni panalibe.

"Iwe, wachotsamo chiyani muno?"

Ndisanatsegule pakamwa, khofi la pakhutu, phaa! Laputopu ija inali itayamba kuchedwa moti munthu n'kumwa tiyi isanayake, ndipo wina anawauza kuti okonzafe timaba ramu, kachipangizo kamene kamapatsa kompyuta liwiro. Anandikoka pa kolala n'kundimenyetsa pakhonde, mutu pa simenti.

"Wakuba! Wakuba!"

Abale inu, anthu anasiya malonda. Amene sanaigwirepo kompyuta chibadwire ndi amene ankamenya kwambiri. Mateche m'nthiti, chibakera pakamwa, mayi wina ndi chikuni pamsana. Ndinalavula dzino. Kenako kumbuyo wina anakuwa kuti, "Bweretsani teyala! Petulo tikhuthula pa njinga yamoto!" Mkodzo unatuluka wokha, sindibisa. Ndinadziwa kuti ndikufera pakhonde la eni.

Amene anandipulumutsa ndi Che Amidu, bambo wa shopu yosindikiza, mmodzi wa otumiza manambala m'gulu lija. Anadutsa pakati pa anthu ndi mkanjo wawo woyera n'kuima pamwamba panga, ine ndili pakati pa miyendo yawo.

"A Likaka, yanga ndi mtundu womwewu. Chiikireni sisitimu yatsopano ikukwawa, ndipo uyu sanaikhudzepo. Ndiye yangayo wandibera ndani?"

Anatulutsa foni n'kuwerenga mokweza manambala a m'gulu lija. Mphunzitsi wa ku Thuchila, wokonza wina wa pa boma, iwo eni, onse a makina a mtundu umenewu masekondi awo anali atakwera mwezi womwewo. Kenako anandiuza kuti nditsegule laputopu anthu akuona. Magazi akudonthera pa malaya, ndinamasula chivundikiro. Ramu inali m'malo mwake. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, wa teyala uja akuligubuduza kubwerera nalo ngati palibe chachitika. A Likaka ananyamula katundu wawo n'kumapita. Pepani sanandiuze, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

A Fenando atabwera sanakalipe. Anatsegula tebulo langa n'kuloza mizere itatu, yonse yosonyeza kuti makina a mtundu uja akuchedwa akaikidwa sisitimu yatsopano.

"Walemba izi ndi ndani?"

"Ndine."

"Anzako anakuchenjeza kalekale, iwe n'kulemba chenjezolo ndi manja ako, osaliona."

Apo ndiye ndinalira, kuposa mmene ndinalirira pomenyedwa.

Pano ndili ndi shopu yangayanga. Sindiika sisitimu m'kompyuta ya munthu ndisanawerenge zimene anzanga apeza, ndipo ndimaiyesa mwiniwake akuona, ndisanaikhudze komanso ndikamaliza. Ena amati ndimawachedwetsa. Ndimawasiya adandaule, n'kuwatembenuzira khutu lakumanja, poti lakumanzere silinamvenso kuchokera tsiku lija.