Ndinaima n'kumaodira, amuna anga ali m'madzi

Zimene ndikuuzenizi si nkhani ya m'maluwa ayi, zinandichitikira ine ndemwe, ndipo amene akukayika abwere kuno ku Bolton, umboni adzaupeza utakhala pampando pafupi ndi windo, utafunda bulangeti, ukuyang'ana mabasi akudutsa. Papita zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mbali yangayi sindinauzepo ngakhale amayi anzanga a kutchalitchi.

Ine ndine nesi, ndagwira ntchito m'chipatala kuno zaka zambiri, ndipo azibambo amene ndawasambitsa ndi manja angawa sindingawawerenge. Amuna anga anali dalaivala wa basi komanso mkulu wa mpingo, munthu wa mwambo, woti ngakhale m'nyumba mwawo momwe sankayenda opanda malaya. Mwana wathu wamkazi, amene timamulankhula Chichewa iye n'kumayankha Chizungu, anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Japan amene anadziwana naye ku yunivesite ku Manchester, mnyamata wofatsa, woti anaphunzira ngakhale kupereka moni wa manja awiri. Chitatha chaka, makolo ake anatiitana kuti tikaone kwawo. Titacheza nawo masiku angapo, mkamwini wathuyo anati atitengere kumapiri, kunyumba ya alendo yachikale kumene anthu amakasamba madzi otentha otumphuka pansi, akuti akathandiza msana wa apongozi ake umene unatha ndi chiwongolero.

Tinakwera sitima, kenako basi, kenako kagalimoto kokwera msewu wokhotakhota, mpaka tinafika panyumba yamatabwa yakale m'mbali mwa mtsinje. Nsapato timasiya pakhomo, kugona kwake n'kwa pansi, moti amuna anga anaseka n'kunena kuti taulukira ndege ulendo wonsewu kudzagona pamphasa ngati ku Ntcheu. Anatipatsa mwinjiro aliyense, wopinda kutsogolo n'kumanga ndi lamba. Titatuluka kukamwa tiyi, mayi wachikulire mwini nyumbayo atangoona amuna anga anathamanga n'kuyamba kuwakonza mwinjirowo mwachangu, akulankhula zosamveka. Mkamwini anatifotokozera motsitsa mawu kuti mmene anaupindiramo ndi mmene amavekera maliro. Amuna anga anangoseka, koma ine sindinaseke nawo, pakuti kwathu zoterezi tikanati malodza.

Ndiye anatiuza malamulo a kosambako. Amuna kwawo, pakhomo pa nsalu ya buluu, akazi kwawo, pa nsalu yofiira, ndipo m'madzimo mumalowa mmene munabadwira, ngakhale kabudula saloledwa. Mkamwini anapempha mwaulemu kuti apite limodzi ndi apongozi ake, akuti kwawo ndi ulemu kuti wamng'ono atsuke msana wa wamkulu, komanso madziwo ndi otentha kwambiri, mlendo salowamo yekha ndipo sakhalitsamo. Amuna anga anangondiponyera diso. Titalowa kuchipinda anandifunsa kuti kodi zinayamba zachitika kuti zoti mpongozi avule pamaso pa mkamwini, ndipo mawa lake akayang'anana bwanji? Apa ndiye pamene pali mlandu wanga. Sindinangovomereza ayi, nzeru ndinapereka ndine. Ndinati tidikire mawa masana tikatha kudya, alendo ena atapita koyenda, anawo akupuma kuchipinda kwawo, iwo akalowe okha kwa amuna, ine ndekha kwa akazi. Mankhwala awo a bipi ndinawapatsa ndine m'mawa umenewo. Kodi sindinkadziwa chimene madzi otentha amachita kwa munthu womwa mankhwala amenewo, atangodya kumene? Akanakhala wodwala wa kuwodi ndikanamuletsa kwamtuwagalu.

Malo osambirawo anali panja, maiwe awiri a miyala, pakati pali mpanda wautali wa nsungwi, nthunzi ili tolotolo. Tinkamvana bwinobwino. Anandiuza kuti madzi ake ndi okoma, msana akuumva kumasuka, ndipo anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi imene ankaikonda, ndi mawu awo a besi aja. Patapita nthawi ndinawauza kuti zakwana, tulukani, iwo anati ndidikire amalize ndime. Kenako ndinamva ngati akudzuka, n'kumva khuvu, nyimbo n'kudukira pakati. Ndinaitana kamodzi, kawiri, katatu. Kunali zii, kumangomveka madzi akugwera m'dziwe.

Anzanga, kuntchito belu la wodwala likalira ndimasiya chilichonse n'kuthamanga, ndipo ndimaphunzitsa ana asukulu kuti munthu akasiya kupuma mphindi iliyonse ndi moyo. Mukuganiza kuti tsiku limenelo ndinatani? Ndinatuluka m'madzi, ndinadzipukuta, ndinavala za m'kati, ndinavala mwinjiro uja, ndinaupindanso kachiwiri poopa kuti ndaupinda mwa maliro, ndinamanga lamba, pamwamba pake n'kumangirira chitenje. Ndinamaliza zonsezo. Nditafika pa nsalu ya buluu ija miyendo inangoima yokha, ndipo ndinayamba kuodira. Odi, odi, odi, ngati ndabwera kudzapempha mchere. Ndinkadikira kuti andiyankhe ndani? M'mutu mwanga munali zoti mwina mwalowa mwamuna wa eni dziko ali maliseche, adzati mayi wakuda wopanda khalidwe, ndipo ndimuchititsa manyazi mwana wanga kuukwati kwake. Ndinatembenuka, ndinakwera masitepe mpaka kuchipinda kwa ana, ndipo kumenekonso ndinagogoda n'kudikira, poti munali mkamwini. Mwana wanga atatsegula ndinamunong'oneza kuti bambo ake sakuyankha. Anandiyang'ana n'kundifunsa m'Chizungu kuti nanga bwanji sindinalowe. Mkamwini anangondidutsa ngati mphepo.

Ulendo uno ndinalowa, pambuyo pake. Munalibe munthu wina aliyense. Amuna anga anali chafufumimba m'madzi, kathawulo kakuyandama pambali. Mkamwini analumphiramo ndi zovala zomwe, anawakokera pamiyala, n'kuika pakamwa pake pa pakamwa pa apongozi ake, ine ndikutsindika pachifuwa mpaka ndinamva nthiti ikuthyoka. Mayi wachikulire uja anaimbira ambulansi, koma kumapiri n'kutali. Mtima wawo unayambiranso kugunda, inde, koma ine nesi ndinali nditaona kale maso awo.

Kuchipatala madokotala anafunsa, kudzera mwa mkamwini, kuti munthuyu anakhala m'madzi nthawi yaitali bwanji. Ndinati sindikudziwa. Linali bodza lokhalokha, chifukwa ngakhale pamenepo ndinkadziwa kuti inali yaitali, ndipo titabwerera kuno ndinadziyesa ndekha ndi wotchi yanga ya kuntchito, kudzipukuta, kuvala, kuodira katatu, kukwera masitepe, kugogoda. Zimakwana mphindi zisanu ndi zinayi. Ndayesa kambirimbiri, mwina tsiku lina zichepa, koma sizichepa. Kuchoka padziwe langa kufika pa lawo, ndikanathamanga mmene ndinalilimo, sipakanatha ndi mphindi imodzi yomwe.

Tinabwera nawo kuno patapita miyezi. Sayenda, salankhula, chakudya chimadzera m'paipi, ndipo sindidziwa ngati akandiyang'ana amaona mkazi wawo kapena nesi wina chabe. Munthu uja sankavula malaya m'nyumba mwake lero amavulidwa ndi atsikana osamalira odwala, a msinkhu wa mwana wake, osinthasintha sabata ndi sabata. Loweruka lililonse mkamwini amabwera kuchokera ku Manchester kuti ine ndipumeko. Amawanyamula, amawakhazika m'bafa, amawatsuka msana pang'onopang'ono akuwalankhula, monga anapemphera tsiku lija. Ine ndimakhala pa masitepe n'kumamva madziwo. Mnyamatayo sanandinenepo ngakhale liwu limodzi, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa akanandilalatira. Mwana wanga funso lake lija sanalibwerezenso, koma kuyambira pamenepo sitinachezeponso n'kuseka ngati kale.

Amayi a kutchalitchi akabwera kudzapemphera, ena amati ndi malodza a mwinjiro uja, ena amati madzi a kwa eni amakhala ndi mizimu yake. Ndimangogwedeza mutu, chifukwa zikanakhala choncho bwenzi ndikugona tulo. Ine chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti kumeneko kunalibe mzimu uliwonse, kunali ine. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, koma kwa ine sanaphe mwini manyaziwo. Ndimapemphera ndithu, koma kunena zoona chikhululuko sindinachimve, ndipo sindikuganiza kuti ndidzachimva ndili moyo.

Inu amene ana anu akukwatiwa ndi kukwatira kutali, sindikuti tayani mwambo, ndilibenso nkhope yolangizira munthu. Koma eni dziko akakuuzani kuti umu salowa yekha, mverani, ngakhale wokuuzaniyo ndi mkamwini. Ndipo mukadzamva nyimbo yadukira pakati kuseri kwa mpanda, musadzafune chitenje, musadzaodire, lowani mmene mulilimo. Wothamanga maliseche amapepesa mawa lake nkhani n'kutha. Ine ndinavala bwinobwino, palibe amene anandiona, ndipo amuna anga sanandiyankhebe mpaka lero.