Uta wa Abambo Akunyumba

Ng'azi inayamba kundidyera abakha m'chaka chachisanu ndi chimodzi amuna anga chipitire ku Joni. Kuseri kwa nyumba yanga kumadutsa ngalande yotaya madzi a m'minda ya mpunga ya ku Likangala, ndipo chinyamacho chinakumba una pansi pa mizu ya mkuyu, m'mbali mwa ngalandeyo. Dzuwa likangotentha chinkatuluka, lilime lawilawi, n'kutola mwana wa bakha mmodzi mosapupuluma, ngati munthu wosankha tomato pamsika. Ana a abakhawo analipo khumi ndi anayi. Pomatha milungu iwiri anatsala asanu ndi anayi. Abakha amenewo ndiwo anali sopo wanga, mchere wanga, ndi yunifolomu ya mwana wanga wamkazi amene ankaphunzira sekondale ku Zomba.

Musaganize kuti ndinangokhala manja lende. Ndinaigenda, koma miyala inkangofikira m'matope. Ndinabwereka galu kwa aneba, galuyo atangomenyedwa mchira umodzi anathawa mpaka lero sadutsa pakhomo panga. Ndinathira madzi otentha muuna, kenaka ndinatchera msampha wa waya, msamphawo n'kukola bakha wanga yemwe. Tsiku lina ndikugula matemba kudoko ndinaona msodzi akutuluka m'njedza, udzu wautali wa m'nyanja, ndi milamba itatu yobooka pamsana, uta uli paphewa. Ndinati mumtima, ng'azi iwe, wapita.

Vuto linali limodzi. Kwathu kuno amati mkazi sagwira uta, ati akaugwira kapena kuulumpha umafooka, sulasanso kanthu. Ndiye uta unayenera kukhala wa mwamuna. Mwamuna ndinali naye, pakamwa pokha. Foni yawo inasiya kulowa chaka chachitatu, ndipo mnzanga wina anandionetsa chithunzi chawo atanyamula khanda, pambali pali mayi wovala magalasi. Ine sindinauze munthu. Jekete yawo yakuda inkakhala pamsomali kuchipinda, ndipo Loweruka lililonse ndinkaiyanika pachingwe kuti odutsa aziona. Akandifunsa ndinkati, "Akubwera Khirisimasi ino." Ndinali ndi manyazi, ndinene zoona, ndipo manyaziwo ndinkawasamala kuposa abakha.

Wosema mauta anali mkulu wina wochokera ku chilumba cha Chisi, amene anamanga chakumtunda kwa doko, ulendo wa ola lathunthu panjinga. Ndinawerengera kuti kumeneko palibe ondidziwa. Ndinawapeza pakhonde atavala mkanjo ndi kachisoti koyera, akupala mtengo ndi kampeni. Kudenga kunali mauta amitundu iwiri. Ena anali ansungwi, ongokhota ngati zenga. Ena anali amtengo wa tenza, aafupi, nsonga zake zopindikira kutsogolo. Nsongazo ankaziwamba pamoto n'kuzimangirira pachipika masiku angapo, ndipo anati uta wotero umaponya muvi mwaukali ngakhale uli wochepa. Maso anga anakakamira pamenepo.

"Mwasochera, mayi?" anandifunsa.

"Iyayi, bambo. Andituma abambo akunyumba, akufuna uta."

"Iwowo ali kuti? Ine uta ndimayeza pa mwini wake."

"Angofika kumene kuchokera ku Joni. Basi yawathyola msana."

"Chabwino. Ndi munthu wotani msinkhu?"

Apa ndi pamene Satana anandikhala palilime. Amuna anga anali aafupi, timiyendo ngati ta kakowa, koma ndinati munthu wongopeka ndimuumbirenji wochepa. Ndinanena kuti polowa m'nyumba amawerama, ndipo thumba la mpunga amalinyamula kukhwapa uku akuyankha foni. Mkuluyo anangogwedeza mutu, n'kutsitsa chiuta chimene chinandifika pamphumi. Anandipatsa ndi mivi inayi yabango, ine n'kuwasiyira mpunga wa faya umene ndinabwera nawo. Ndinakulunga zonsezo m'chitenje, n'kumangirira panjinga ngati nkhuni.

Kunyumba ndinatseka chitseko cha mpanda. Uta wansonga zopindika ukakhala wosakunga umakhotera mbali yonama, ndipo ine ndinakhulupirira mbali imeneyo. Ndinakoloweka nsinga mosavuta, n'kumadzitama kuti amuna amangokokomeza zinthu. Nditangokoka, nsinga inapulumuka, uta unandimenya chibwano n'kukagwera padenga la bafa. Nditautsitsa ndinazindikira kuti umakungidwira mbali inayo, koma kuti ndiupinde ndinachita kuutsamiritsa pamkuyu, phazi limodzi pamtengo, thukuta kamukamu. Kukoka kwake ndiye kunakanika. Nsinga inkangosuntha pang'ono, muvi n'kugwa pafupi ndi zala zakumapazi. Ng'azi inali tsidya la ngalande ikuothera dzuwa, ikuonerera zonsezi. Mlungu umenewo inadya awiri, n'kutsala asanu ndi awiri.

Ndinabwerera kwa mkulu uja nkhope ili yachisoni.

"Abambo adwala malungo, bambo. Awonda zomvetsa chisoni. Uta uja ukuwalemera."

"Pepani kwambiri," anatero, uku akuyang'ana chibwano changa. "Malungo ake awadulanso msinkhu?"

"Pang'ono."

"Chaka chino malungo avutadi."

Anandisinthira wina wocheperako, osafunsanso china. Umenewu ndinkatha kuukoka mpaka patsaya, ndipo ndinavina ndekha kuseri kwa nyumba. Koma chogwirira chake anachisema mwa munthu wamanja, pomwe ine ndine wamanzere chibadwire. Ndikaugwira mwanga, muvi unkakhala mbali yopanda kakhwawa kake, n'kumapita kumene wafuna wokha. Nsinga nayo inkandikwapula mkono wamanja nthawi iliyonse ndikaponya. Muvi woyamba unalowa m'nthochi. Wachiwiri unaboola ndowa yanga yatsopano, madzi n'kumatuluka mbali ziwiri. Wachitatu unadumpha mpanda, ndipo ndinamva nkhuku ya aneba ikukuwa, ine n'kulowa m'nyumba kukayamba kuimba nyimbo ya kwaya. Pofika Lamlungu mkono unali bii, wotupa kuyambira pachigongono, ndipo ana a abakha anatsala asanu.

Ulendo wachitatu ndinavala juzi yamikono italiitali. Unali mwezi wa Okutobala, nyanja itaphwera kutali, dzuwa likuswa mtengo. Ndinafika pakhondepo thukuta likuyenderera m'makutu.

"Bambo, ndinaiwala kunena. Abambo akunyumba ndi amanzere."

"Ooh. Kale anali amanja?"

"Malungo aja."

Mkuluyo anaika kampeni pansi. "Mayi, tapindani juziyo."

Ndinakana, ndinati ndikumva kuzizira. Iwo anandidikira mpaka ndinapinda. Anayang'ana mkono wanga nthawi yaitali.

"Ndakalamba ndikusema mauta," anatero, "koma sindinaonepo kuti mwamuna akoke uta, chotupa chikatulukire pamkono wa mkazi wake."

Ndinafuna kupeka bodza lina, ndipo linali litafika kale pakhosi. Koma ndinakumbukira tiana tisanu tija tikuyenda mondondozana kupita kungalande, ndipo ndinadziwa kuti ndikanamanso kamodzi ndikapeza titatu. Ndinakhala pansi pafumbi.

"Uta ndi wanga, bambo. Ng'azi ikundithera abakha. Abambowo kulibe. Anapita kalekale, anakwatira konko, sadzabweranso."

Aka kanali koyamba mawu amenewo kutuluka pakamwa panga. Ndinalira, osati pang'ono, kulira kwa mamina komwe, pakhomo pa eni ake. Akazi a mkuluyo anatuluka m'khitchini n'kundipatsa madzi m'chikho. Nditatontholako ndinafunsa mkuluyo kuti anadziwa liti.

"Tsiku loyamba lomwe. Munthu wotumidwa sayang'ana uta mmene munkauyang'anira inu."

Apo ndiye chisoni chinasanduka ukali. "Ndiye munangondisiya? Abakha anayi apita inu mukundiseka mumtima."

"Kuseka ndiye ndinaseka, sindikana. Ndinafuna ndione kuti abambowo awonda mpaka pati. Koma ndikanayeza ndani, mwini uta akuti ali kunyumba?"

"Nanga zoti mkazi akagwira uta umafooka?"

Analoza kudenga. "Awiri aja mwabweza ndi awo, onse ali gwa. Wofooka ndikumuona ndi mmodzi, wakhala pafumbi."

Akazi awo anaseka mpaka kugwira chipupa, ndipo ine ndemwe ndinaseka misozi isanaume. Kenaka mkuluyo anatenga luzi n'kupatsa akazi awo, poti mwa chipembedzo chawo iwo sakanandikhudza. Anandiimiritsa, n'kuti nditambasule dzanja lamanja ngati ndikuloza ku Chisi. Mayiwo anayeza kuchokera pachibwano mpaka kunsonga za zala, n'kumanga mfundo. Anayezanso kuchokera pansi mpaka paphewa. Mkuluyo anandinyamulitsa ndowa yodzaza madzi ndi dzanja lamanzere, naona mmene mkono ukunjenjemerera. Anati ndibwerenso pakapita masiku asanu. Masiku asanu amenewo abakha ndinawatsekera kuchipinda kwanga, ndipo fungo lake sindikufuna kulikumbuka.

Uta wanga unali waufupi, wopepuka, chogwirira chake chokwana m'dzanja langa ngati mpini wa khasu lozolowera. Anandiphunzitsa kuukunga nsonga zitaloza kutsogolo, kuumasula ndikamaliza kuti usatope, ndi kusaponya nsinga popanda muvi. Anandisokeranso kachikopa ka mbuzi kovala pamkono. Anakoloweka dzungu pamtengo, n'kundiuza kuti sindichoka mpaka nditalilasa katatu. Ndinachoka dzuwa litapendeka, akazi awo atatola mivi yanga m'munda wonse wa chinangwa. Ulendo uno sindinaukulunge m'chitenje. Ndinaupachika kumsana, ndipo anyamata a kabaza pamphambano anasiya kukangana n'kumandiperekeza ndi maso.

M'mawa mwake ndinatulutsa abakha, ndinakhala kuseri kwa nthochi. Ng'azi inatuluka nthawi yake yomwe ija, yonenepa ndi chuma changa. Muvi woyamba unapita pamwamba. Siinathawe, inali itandizolowera kuti ndine wamasewera. Wachiwiri unalowa m'matope pafupi ndi mchira. Wachitatu unailowa kuseri kwa mwendo wakutsogolo, ndipo inagubuduka n'kumamenya madzi, ine n'kuimaliza ndi mpini. Ndinakhala pamuzu wa mkuyu. Tiana tisanu tija tinadutsa pambali panga kupita kumadzi, osandiyang'ana n'komwe.

Phokosolo linaitana anthu. Mayi a nkhuku ija ndiwo anayamba kufika, naona ng'azi, naona muvi, n'kuyang'ana kuchingwe kumene ndinkayanika jekete.

"Kodi achimwene afika? Bwanji osatiuza?"

Pakamwa panga panatsala pang'ono kunena za Khirisimasi, pozolowera. 

"Sanafike, ndipo safika. Ndalasa ndine. Nkhuku yanu yotsimphina ija ndinenso, mudzatenge bakha mmodzi akakula."

Palibe anadabwa za amuna anga, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa nsinga ija. Mudzi wonse unkadziwa, unkangondithandiza kuyanika jekete. Za nkhuku ndiye anadabwa, ndipo tinakangana mpaka masana.

Uta wanga umakhala pamsomali uja kuchipinda, womasula monga anandiuzira. Jekete ndinapita nayo kumunda wanga wa kusikimu mpunga utayamba kubereka. Ndinaiveka pamtanda wansungwi, pamwamba n'kuikapo ndowa yobooka ija, kuti iziopseza mpheta. Ndinaipanga yaitali, yoti polowa m'nyumba ingawerame. Chaka chimenecho abambo akunyumba analondera munda kuyambira m'mawa mpaka madzulo, osadandaula, ndipo mpunga tinakolola.